Zimene Adadi Ananena Lachinayi

Area 25, Lilongwe
3 Ogasiti 2024

Okondedwa Adadi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Ife kuno tilipo, ana ndi bambo awo akupereka moni. Ndalemba kalata chifukwa pafoni sitimvana. Ine ndimakuwa mpaka anzanga a kuofesi amatuluka kudzaona, inu n'kumangoti "eya, eya" pa zinthu zoti simunamve. A Brighton, dalaivala wa basi uja, avomera kumatinyamulira makalata.

Adadi, Allan wandiuza kuti mwaonda. Akuti chimwalirireni Amami mu Marichi simunapondeko ku msonkhano wa Madodana, gulu lija la abambo kutchalitchi, wailesi munaitsekera m'kabati, ndipo tsiku lonse mumakhala pa mpando pafupi ndi manda awo kuseri kwa nyumba. Ine kuno mtima suli m'malo.

Ndapeza mayi wina ku Boma, dzina lake Mayi Kachingwe. Ndi mlangizi wa za maganizo, anaphunzira ntchito yothandiza anthu amene mtima wawalemera. Si za misala ayi, musakwiye. Mumangokhala pansi n'kumacheza naye. Ndakonza kale zonse, muzipita Lachinayi lililonse 10 koloko m'mawa, kuyambira pa 8. Chonde pitani, ngakhale kamodzi kokha, chifukwa cha ine.

Mundiuze ngati mpunga munamaliza kupuntha, ndiponso ngati mankhwala anu a BP akadalipo.

Ine mwana wanu,
Yvonne


Mwenilondo, Karonga
17 Ogasiti 2024

Mwana wanga Yvonne,

Ndaga, zikomo, kalata yako ndinalandira. Ndili bwino monga mmene nkhalamba ikhalira bwino. Mpunga tinapuntha, thumba lako likubwera ndi a Brighton. Mankhwala alipo.

Ndapitako kawiri kwa mayi wakoyo. Poyamba ndinakwiya ndithu. Ine Hudson Mwangosi, hedimasitala wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kukalangizidwa ndi mwana woti ndikanamuphunzitsa Sitandade 8! Komabe ndinavala jekete n'kukwera minibasi.

Kachipinda kake kali kuseri kwa sitolo ya mabuku. Muli mipando, fani, ndi wotchi imene anaipachika kumbuyo kwanga kuti aziiona iye, ine ayi. Jakisoni mulibe, bedi mulibe, ngakhale Baibulo patebulo palibe. Nditamuuza kuti khutu lakumanja linafa, ananyamula mpando wake n'kudzakhala kumanzere kwanga. Ndi wa ku Zomba, ndiye timalankhula Chichewa cha mayi ako.

Tsiku loyamba anandiwerengera pepala. Anati, "Zimene munene muno zitsala muno. Sindiuza ana anu, abusa, kapena wina aliyense. Pokhapokha ndikaona kuti mukufuna kudzivulaza kapena kuvulaza munthu, apo ndiyenera kufuna thandizo, ndipo ndidzayamba ndakuuzani inuyo." Ndinafunsa kuti, "Nanga mwana wanga amene wakonza zonsezi?" Anati, "Iwo akonza ulendo, koma wobwera kwa ine ndinu." Ndinasaina.

Chondidabwitsa n'chakuti amatchedwa mlangizi koma salangiza. Ndinamufunsa kuti nditani kuti tulo tizibwera. Iye anandifunsa kuti tulo tikathawa ndimaganiza chiyani. Ndinamuuza kuti ndabwera kudzamva mayankho, mafunso ndinafunsa kale ana a eni moyo wanga wonse. Anaseka, koma funso lake sanalibweze. Amatha kukhala chete nthawi yaitali kundidikira, mpaka ndimalankhula chifukwa cha manyazi. Ola lisanakwane amati nthawi yatha, ngakhale nkhani ili pakati.

Sindikuona kuti zikuthandiza. Koma tinagwirizana maulendo asanu ndi atatu, kenako tione ngati tipitirize, ndipo ine sindithawa sukulu pakati pa teremu.

Undiuze ngati wamng'ono uja chifuwa chinamusiya.

Ine bambo ako,
H. K. Mwangosi


Karonga Boma
29 Ogasiti 2024

Sisi,

Muli bwanji ndi alamu? Ndalemba pafoni pano kuti muwerenge mofatsa.

Anthu ofuna kumanga loji aja abweranso. Malo a Adadi awakonda chifukwa akufika mpaka kunyanja, koma akuti sangadikire kupitirira Disembala, aona malo ena ku Uliwa. Manda a Amami alonjeza kuwamangira mpanda wabwino. Adadi ndikangoiyamba nkhaniyi amaloza khutu.

Lero ndinawadikira chapatali ndi ofesi ya mayi uja. Atakwera minibasi ndinalowa kukafunsa mmene zikuyendera. Sisi, mayi ameneyu ndi wouma mutu. Akuti sangandiuze kanthu. Ndinati ine ndi mwana wawo wamwamuna, iye akuti, "Ndiye mungathe kuwafunsa eni ake."

Mesa tinagwirizana kuti iyeyu ndi amene atithandize? Inu mukufuna Adadi abwere ku Lilongwe, ine ndikufuna malo asangokhala. Bambo aang'ono a Lyson ananena poyera kuti popanda pepala loti akulu awo sangathenso kudzisankhira zinthu, iwo savomera chilichonse. Mumuimbire ndinu, munamupeza ndinu.

Allan


Mwenilondo, Karonga
21 Seputembala 2024

Mwana wanga Yvonne,

Moni kwa iwe, bambo a ana ndi adzukulu anga. Kuno kwayamba kutentha, ng'ombe zikungobisala pansi pa mango. Pepa ndachedwa kulemba.

Ndinakuuza kuti sizikuthandiza. Tsopano ndinene kuti zikupweteka. Masabata awiri ndinkatuluka m'chipinda muja mtima uli wolemera kuposa mmene ndinalowera. Mayi Kachingwe anati zimachitika, ndipo ngati tathamanga tikhoza kuchepetsa, mwini liwiro ndine.

Tsiku lina anandifunsa chifukwa chimene ndinatsekera wailesi. Ndinayamba kuyankha, Chichewa chinandithera pakamwa. Anati, "Nenani m'Chinkhonde." Ndinati, "Simumva." Anati, "Nenani kaye, ine ndimva pambuyo." Ndinalankhula, mwana wanga, misozi ikugwera pa jekete, iye ali phee osamva liwu ndi limodzi lomwe. Nditatha ndinamumasulira.

Sabata yatha anandifunsa ngati pali wina wa magazi anga amene ndingamukhulupirire ndi nkhaniyi. Sanandikakamize. Ine ndinatchula iwe.

Ndiye imva. Ndinakuuzani nonse kuti mayi ako atagwa kubafa ndinathamangira komweko nthawi yomweyo. Ndinanama. M'mawa umenewo ndinali pakhonde, wailesi nditaikweza mpaka kumapeto monga ndinkachitira. Ndinamvera nkhani za 7 koloko, ndinamvera mauthenga a maliro, ndinamveranso za mpira. Tiyi wawo atazizira m'pamene ndinadabwa kuti sakubwera. Ndinawapeza ali pansi, m'dzanja muli kapu yosambira imene ankamenyetsa pa lata. Mwina panapita mphindi makumi anayi. M'galimoto popita kuchipatala, pakamwa patapotoka kale, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndimakuitanani." Mawu awo omaliza kwa ine ndi amenewo.

Ndinafunsa Mayi Kachingwe ngati ndinawapha ndine. Sananene inde, sananene ayi. Anati za mphindizo angadziwe ndi adokotala, mwina ngakhale iwowo sangadziwe. Kenako anandifunsa ngati munthu amene sanamve ali chimodzimodzi ndi munthu amene anakana kubwera. Funso limeneli ndikuyenda nalo.

Nkhaniyi akuidziwa ndi Kyala Mulungu wathu, mayi uja, ndipo tsopano iwe. Allan usamuuze. Ndidzamuuza ndekha ndikapeza mphamvu. Chilembereni kalatayi ndikumva njala, ndipo ndatuma kukagula nthochi zoti tiphike mbalagha. Papita nthawi.

Ine bambo ako okukonda,
H. K. Mwangosi


Lilongwe
25 Seputembala 2024

Allan,

Mayi uja ndinamuimbira, anandiyankha zomwe anakuyankha iwe. Koma taona chithunzi cha kalata ndakutumizirachi. Ndalira kuofesi mpaka abwana andiuza kuti ndiweruke.

Usaonetse munthu, ngakhale mkazi wako. Ndakutumizira kuti umvetse chifukwa chake ndikuti Adadi sangakhale okha m'nyumba muja. Anagwa Amami, iwo sanamve. Mawa akagwa iwowo adzamva ndani? Mwina mayi uja akadziwa kuti ifenso nkhaniyi tikuidziwa afewa mtima, atilembera pepala lija. Upiteko mwaulemu, usakakangane naye. Za loji zakozo sindikufuna kuzimva, ine ndikufuna Adadi abwere kuno basi.

Yvonne


Area 25, Lilongwe
25 Seputembala 2024

Okondedwa Adadi,

Kalata yanu ndalandira, ndaiwerenga katatu. Wamng'ono anachira, musade nkhawa.

Adadi, simunawaphe Amami. Anawatenga ndi matenda. Zikomo pondikhulupirira, chinsinsi chanu chili ndi ine. Bwerani ku Lilongwe mudzakhale nafe, chipinda chilipo, adzukulu anu akukufunani. Mundiyankhe msanga.

Ine mwana wanu,
Yvonne


Area 25, Lilongwe
19 Okutobala 2024

Okondedwa Adadi,

Muli bwanji? A Brighton abwera maulendo atatu opanda kalata yanu. Akuti anakupezani pakhomo, munawalandira bwino, koma munati palibe choti anyamule. Foni yanu ndi yozima. Allan sakuyankha mauthenga anga. Kodi mwadwala? Kodi mukupitabe kwa mayi uja? Ndilembereni ngakhale mzere umodzi.

Yvonne


Karonga Boma
21 Okutobala 2024

Sisi,

Zinthu zalakwika, ndipo musayambe kundikalipira musanamve.

Ndinapita kwa mayi uja monga munanenera. Foni yanga anakana ngakhale kuiyang'ana. Pepala anakana, ndipo anati awauza Adadi kuti ndinabwera. Ndinaona kuti zonse ziululika ine ndisanachite kanthu, ndiye ndinaitana a Lyson, azakhali a Sheila a ku Iponga ndi akulu ampingo awiri. Ndimafuna aone okha kuti Adadi akufunika wowayang'anira. Kalata ija ndinaiwerenga pamaso pawo.

A Lyson ananditukwana m'Chinkhonde pamaso pa anthu. Anthu a loji apita ku Uliwa. Adadi andiuza kuti ndisapondenso pakhomo. Musaiwale kuti chithunzi munatumiza ndinu.

Allan


Mwenilondo, Karonga
2 Novembala 2024

Yvonne,

Ndili moyo, sindikudwala. Makalata ako awiri ndinalandira.

Ndikufuna udziwe mmene zinayendera, chifukwa iwe unali kutali.

Lachinayi pa 10 Okutobala nditangokhala pansi, Mayi Kachingwe anati, "Tisanayambe, pali chimene muyenera kudziwa. Lolemba kunabwera mwana wanu Allan. Amafuna ndilembe kuti mutu wanu sukugwira bwino ntchito. Ndinakana. Sindilemba za inu popanda inu, komanso zimenezo sindinazione mwa inu. Anali ndi kalata pafoni, akuti munalembera Yvonne. Sindinaiwerenge."

Ndinaimirira. Ndinamuuza kuti ndi wabodza, kuti Yvonne wanga sangachite zimenezo. Ndinati anthu a kum'mwera mumabwera kuno kudzapasula mabanja a eni. Ndinatuluka, chipewa ndinachiiwala pa mpando. Njira yonse mu minibasi ndinkakuikira kumbuyo mumtima mwanga.

Lamulungu lake pochokera kutchalitchi ndinapeza pakhonde padzaza. Mng'ono wanga Lyson, mlongo wanga Sheila, akulu ampingo awiri. Allan anaimirira chakumanja kwanga, foni m'manja, n'kuyamba kuwerenga. Ine sindinkamva. Ndinkangoona Sheila akuika chitenje pakamwa, akulu ampingo akuyang'ana pansi. Ndinafunsa Lyson kuti, "Akuti chiyani mwanayu?" Lyson anawerama n'kundiuza m'khutu lamoyoli kuti, "Akuti alamu ankakuitanani."

Umu ndi mmene mawu a mayi ako anandibwererera, Yvonne. Pakhonde lomwe lija, pamaso pa anthu.

Lyson anamulanda foni. Anati kalata imeneyi walemba ndi munthu wa mutu wabwino kuposa woiwerengayo, ndipo msonkhano unathera pomwepo. Koma mawu akatuluka salowanso. Lachiwiri nkhani inali pa mjigo. Lachisanu amalume ako a ku Ntcheu anaimbira Lyson kufunsa ngati n'zoona kuti mlongo wawo anafa akuitana mwamuna wake ali pa mpira.

Lyson anandionetsa tsiku limene chithunzi cha kalata yanga chinafika pafoni ya Allan. Pa 25 Seputembala. Ndinakatenga kalata yako m'kabati, ija unalemba kuti chinsinsi changa chili ndi iwe. Tsiku lake ndi lomwelo. Sindikudziwa kuti unayamba kulemba iti.

Lachinayi la pa 17 sindinapite ku Boma, manyazi. Pa 24 ndinapita. Chipewa changa Mayi Kachingwe anachisunga. Nditapepesa anati kumukwiyira iye n'kololedwa m'chipinda muja, ngakhale kutuluka, ndipo kubwerera n'kololedwanso. Ndinamufunsa ngati sanalakwitse pondifunsa za munthu womukhulupirira. Sanazembe. Anati, "Funso lija ndinafunsa ndine, ndipo ndaliganizira kwambiri. Pepani kuti lakufikitsani pano." Ndinamufunsanso ngati ndikukaneni nonse awiri, iwe ndi Allan. Anandifunsa kuti pa zonsezi chikuwawa kwambiri n'chiti.

Ndinayesa ndinena za pa mjigo, kapena za ku Ntcheu, kapena za malo. Pakamwa panatuluka dzina lako. Allan ndimamudziwa, wakhala akuyeza malo ano ndi maso chiyambire. Koma iwe ndinakusankha.

Funso langa ndi limodzi, ndipo undiyankhe zoona. Pamene unkanditumiza kwa mayi ameneyu mu Ogasiti, unkafuna ndichire, kapena unkafuna pepala?

H. K. Mwangosi


Area 25, Lilongwe
6 Novembala 2024

Adadi,

Ndayamba kalatayi kanayi. Moni sindikudziwa kuti ndimupereke bwanji.

Mwafunsa zoona. Ndinkafuna zonse ziwiri. Ndinkafuna muchire, izi Mulungu akudziwa. Koma za pepala tinakambirana ndi Allan mu Julayi, ndisanamupeze mayi uja. Ndinkadziuza kuti ine za malo sizikundikhudza, ndikungofuna mubwere kuno ndizikuonani. Ndinadziwa kuti mukana, ndiye ndinafuna njira yoti kukana kwanu kusagwire ntchito.

Ndinayamba kulemba ya Allan. Yanu ndinalemba pambuyo, chithunzi chitapita kale. Ndinalemba mzere uja ndikudziwa.

Sindinamutume kuwerenga pa anthu, koma sindibisala kumbuyo kwake. Akanawerenga chiyani ndikanapanda kutumiza? Amalume a ku Ntcheu ndawaimbira, ndawauza kuti wolakwa pa nkhaniyi ndine.

Ndiloleni ndibwere, Adadi. Ndikwera basi tsiku lililonse limene munene. Ngati simukufuna ndilowe m'nyumba, ndidzaima panja.

Yvonne


Mwenilondo, Karonga
14 Disembala 2024

Yvonne,

Kalata yako inafika pa 8 Novembala. Ndayankha lero chifukwa lero m'pamene ndatha. Mvula yayamba, tikufesa mpunga. Moni kwa ana.

Wanena zoona, ndipo zoonazo zawawa kuposa mmene ndinkaganizira. Sindinakukhululukire. Ndikanalemba kuti ndakukhululukira kuti Khirisimasi ikome, koma m'banja muno mabodza akwana.

Ku Ntcheu ndinapita ndekha mwezi watha. Ndinakhala pansi ndi amalume ako n'kuwafotokozera zonse ndi pakamwa panga. Analira, ine ndinalira, anandiperekeza kudepoti. Ku Madodana ndinabwerera. Amene amafuna kundiyang'ana anandiyang'ana mpaka anatopa. Malo sindigulitsa, ku Lilongwe sindisamukira. Ndagwirizana ndi Lyson kuti azidzandizonda m'mawa uliwonse, ndipo zimenezi ndasankha ndekha.

Kwa Mayi Kachingwe ndikupitabe, tsopano kawiri pa mwezi. Zokonza zako usiye, ndikulongosola ndekha. Akuti tsiku lidzafika loti tisiyane, ndipo tidzalikonzekera pamodzi, sadzangondithamangitsa.

Ndinamuuza kuti ukufuna kubwera, koma ine pakhomo pano sindingathe kukuyang'ana. Anati ngati ndikufuna, ukhoza kudzakhala nafe m'chipinda muja ulendo umodzi. Ananeneratu kuti sadzaweruza mlandu, sadzatikakamiza kugwirana chanza, ndipo za masiku ena onse sadzakuuza kanthu. Ndinaganiza masabata atatu. Ndavomera.

Ndi Lachinayi pa 9 Januwale, 10 koloko. Usafikire kwa Allan, usabwere kunyumba. Tikapezana pa khomo la ofesi. Mwina ndidzalankhula, mwina ayi.

Tsikuli sindinauze Lyson, sindinauze Sheila. Ndauza iwe wekha. Ndiona ngati lifike kwa munthu wina.

H. K. Mwangosi